Masamba Okhaokha, Mwananga

Padangotero. Ndati padangotero, ana inu, simuyankha? Eya, tili tonse. Koma manja asaime, chimangacho sichidzitong'ola chokha, ndipo nthano imamveka ndi makutu.

Kalekale, pamene nyama zinkamanga nyumba ndi kuphikira pamafuwa ngati ife, kuseri kwa phiri lina kunali banja la afisi. Mayi wa pakhomopo anali Nankhoma, mwamuna wake anali a Dzoole. Kwa afisi mudzi ndi wa akazi, mwamuna amangobwera kudzakhala pachikamwini, ndiye a Dzoole anali munthu wa mawu ochepa. Ankadya ena onse atatha kudya, ankayankhula ena onse atatha kuyankhula, ndipo nthawi zambiri pofika pamenepo nyama ndi nkhani yomwe zinkakhala zitatha.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Awiri amene anabadwa patsogolo pake anamwalira ali aang'ono chaka cha njala, choncho uyu Nankhoma ankamusunga ngati dzira. Anamutcha Sakhuta, dzina laulemu kwambiri kwa afisi, ndipo mwanayo sanalichititse manyazi. Mano asanamere onse anali atayamba kale kukukuta ziboda.

Tsiku lina m'mawa Sakhuta akuthamangitsa chiwala anagwera m'mbuna imene alenje anakumba. Pansi pake anapezamo mwana wa gwape, amene anali atagweramo kale. Akuluakulu amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anali mwana, mwambiwo anali asanaumve, ndiye anapereka moni. Gwape uja anayankha akunjenjemera, nati dzina lake ndi Tiferanji. Agwape amatcha ana awo mayina otero, ndipo ali ndi zifukwa zawo.

Poyamba aliyense anakhala kumbali kwake. Koma mbuna ndi yopapatiza ndipo tsiku ndi lalitali, ndiye Tiferanji anayamba kusimba za kwawo. Anasimba za amayi ake amene amatsokomola kukangozizira. Anasimba za atsibweni ake, nkhalamba yaimvi pakamwa, amene ankakonda kudya masamba a mpungabwi mpaka thupi lonse kununkha mpungabwi, moti udzudzu sunkawayandikira ndipo ana onse ankalimbirana kugona pafupi nawo. Sakhuta anaseka. Sankadziwa kuti ndiwo zimakhala ndi atsibweni.

Dzuwa litapendeka, Sakhuta anawerama, Tiferanji anakwera pamsana pake n'kudumphira kunja. Akanatha kuthawa osacheuka, ndipo palibe gwape amene akanamudzudzula. Koma anafunafuna chipika, n'kuchikankhira m'mbunamo ndi mutu, Sakhuta n'kukwererapo.

Atafika kunyumba, Nankhoma anamuikira mwendo wa mbawala, wonona bwino. Sakhuta anauyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ameneyu dzina lake anali ndani?"

"Dzina lake ndi ndiwo. Idya."

"Anali ndi atsibweni?"

Nankhoma anati sakudziwa, sanafunse, ndipo pa nthawi imene anakumana panalibe mpata wofunsana za abale. Sakhuta anakankha mbale ija pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kunena kuti iye nyama wasiya.

Nankhoma anamugwira pachipumi. Thupi silinatenthe. M'mawa mwake anamutengera kwa sing'anga, a Kadzidzi, amene anamuyang'ana m'maso, m'kamwa ndi m'makutu, n'kunena kuti mwanayo sanalodzedwe, wangoganiza basi, ndipo matenda amenewo iwo alibe mankhwala ake. Nkhuku yawo analandira ndithu.

Tsono vuto linali lakuti Sakhuta ankadziwa chimene wasiya, koma sankadziwa chimene azidya. Mnzake wosadya nyama anali Tiferanji yekha, ndiye ankangomutsatira kudambo n'kumadya zimene iye akudya, msipu, nsonga za zitsamba, makungwa a mitengo. Koma mimba ya fisi si mimba ya gwape. Udzu unkalowa udzu n'kutuluka udzu. Posakhalitsa nthiti zinayamba kuonekera, ubweya kusosoka, ndipo akamakwera kachulu ankapumira panjira. Amayi a pamudzi akakumana ndi Nankhoma kumadzi ankamufunsa ngati mwana wake wayamba kale kubzikula, nanga nyanga zimera liti.

Zoseka za anthuzo Nankhoma ankazipirira. Chimene sankapirira ndi nthiti zija. Anali ataziwonapo kale nthiti zotero pa ana ake awiri aja, ndipo ankadziwa kumene njira imeneyo imakathera. Ankaopa, ana inu, ankaopa kwambiri, ndipo pamenepo ine sindimuimba mlandu.

A Dzoole nawo ankaziwona nthitizo. Poti pakhomo panalibe wowafunsa maganizo, anaganiza zokafunsa iwo kwina, paja safunsa anadya phula. Anapita kwa Njati, chifukwa m'dera lonselo panalibe wonenepa kuposa iye, chonsecho nyama sailawa. Njati ataona fisi akubwera anatsitsa nyanga. A Dzoole anakhala pansi chapatali, n'kuwomba m'manja, n'kufotokoza kuti sanabwere ndi njala, abwera ndi funso. Njati anati chinsinsi chake n'chosavuta: amayamba kudya dzuwa likamatuluka, amasiya likamalowa, akatero amabweza zonsezo kukamwa n'kuzidyanso kachiwiri. A Dzoole anati mwana wawo njira yobwezera alibe. Njati anati ndiye iye sangathandize, apite kwa Nguluwe, amene amadziwa minda ya anthu kuposa eni ake.

Nguluwe anawamvetsera ali chikumbire pansi. Anati udzu uli ndi eni ake, mwana wa fisi ausiye. Amupatse nyemba, nandolo, nzama, khobwe, zophika mpaka kufewa. Masamba azimuphikira otendera ndi nsinjiro zambiri, osati ongowiritsa, ndipo mbatata ndi chinangwa zisamasowe pambali. Anati mwanayo sadzafika pa Njati, koma sadzafa. Anawapatsanso phukusi la nyemba, limene sananene kuti analitenga m'munda mwa ndani.

A Dzoole anafika kunyumba n'kupeza bwalo litakhala kale. Panabwera a Chinkhota, mchimwene wake wamkulu wa Nankhoma, atsibweni a Sakhuta, amene anali mwini mbumba. A Chinkhota anali kunena kuti chiyambire dziko palibe fisi wa mbumba yawo amene anadyapo tsamba, kupatula agogo awo ena amene anameza tsamba mwangozi litamatirira ku chiwindi, ndipo nawonso anapepesa. Anati njira zilipo ziwiri: mwanayo amumange n'kumuthira msuzi kukamwa, kapena amusiye ndi njala mpaka nzeru zibwerere.

Onse atatha kuyankhula, a Dzoole anatsokomola, n'kuika phukusi lija pakati.

"Alamu, ine ndimati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Ikafota imufotere yekha. Koma pamene akuiyesa tisamusiye ndi njala. Ndakafunsa kwa odziwa, akuti nyemba zimasunga thupi."

A Chinkhota anayang'ana phukusilo, kenako anayang'ana a Dzoole.

"Alamu, inu kuno munabwera ndi mphasa yokha. Mwanayu ndi wa mbumba yathu. Tikadzafuna nzeru za nguluwe tidzakutumani."

A Dzoole anati zikomo. Anatola nyemba zawo n'kukazipachika kutsindwi, ndipo zinakhala komweko.

Nankhoma anatsala pakati. Kumanga mwana wake ndi chingwe, mtima unakana. Kumuonerera akuuma, mtima unakananso. Kutsitsa nyemba zija kukanakhala kuvomera pamaso pa mchimwene wake kuti mkamwini wanena zoona, ndipo zimenezo kwa afisi sizichitika. Ndiye anapeza njira yakeyake, n'kuiona ngati nzeru.

Anaitana Sakhuta n'kumuuza kuti wagonja. Anati mwana ndi mwana, ngati wasankha masamba, masambawo aziphika ndi mayi ake, osati kumakadya msipu kudambo ngati mwana wamasiye. Sakhuta anasangalala mpaka misozi. A Dzoole anayang'ana kutsindwi, poganiza kuti nthawi ya nyemba yakwana, koma palibe amene anawatuma.

Nankhoma anakathyola nkhwani m'munda wa anthu, anasadzula bwinobwino, anaika pamoto. Anatenga mtedza n'kuyamba kusinja, akuimba:

Sinja, sinja, Nankhoma,
mwana adye, mwana akule,
chili pansi pa mphika
n'cha mphika ndi mwini wake.

Atatha anatuma Sakhuta kukatunga madzi. Mwana atangotembenuka, anasolola fupa pansi pa mphasa, analiswa ndi mano, anakhuthulira mafuta a m'kati mwake mumphika, anathira nsinjiro, anathiranso tsabola wa kambuzi wambiri, n'kutakasa mpaka zonse zinakhala chinthu chimodzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga fisi, ndi mphuno yake ija, sanamve fungo? Pakhomo pa afisi chilichonse chimanunkha nyama. Mphasa imanunkha nyama, mtsuko umanunkha nyama, khoma, nkhuni, ngakhale moni wa m'mawa. Wogona m'khola samva fungo la mbuzi.

Sakhuta anabwera, anasamba m'manja, anakhala pansi.

"Muli chiyani umu, amayi?"

"Masamba okhaokha, mwananga."

Anadya, ananyambita mbale, anapempha zina. Mawa lake Nankhoma anaphika chigwada. Sinja, sinja, Nankhoma. Katunge madzi, mwananga. Fupa, mano, mphika, tsabola.

"Muli chiyani umu, amayi?"

"Masamba okhaokha, mwananga."

Tsiku lina bonongwe, tsiku lina kholowa, tsiku lina chisoso, koma fupa silinkasowa. Nthiti zija zinabisala. Ubweya unamera, khosi linakula, kachulu kaja ankakakwera chothamanga. Amayi a kumadzi anasiya kufunsa za nyanga. A Chinkhota, amene mlongo wawo anawanong'oneza, ankamusisita mphwawo pamutu n'kumati masamba ndi abwinodi, apitirize.

Sakhuta anakhulupirira ndi mtima wonse. Ankayenda mudzi wonse akuonetsa mapewa ake, n'kumauza anzake kuti fisi atha kukhala moyo osapha munthu, umboni wake ndi iyeyo. Ankati amayi ake ndi mayi oposa amayi onse, chifukwa amumvera pamene mtundu wonse unkamuseka. Nankhoma akamva mawu amenewo ankatembenukira kumoto n'kumasonkhezera nkhuni zimene zinali kuyaka kale.

A Dzoole anali munthu wa mawu ochepa, koma maso anali nawo awiri. Tsiku lina anapeza mkazi wawo akunyambita chipande, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Amake Sakhuta, mwayamba liti kukonda nkhwani?"

Nankhoma anati mkamwini amaona ndi maso, pakamwa pamakhala potseka. A Dzoole anati iwo sakukana, koma mwanayo ndi bwino auzidwe, chifukwa tsiku lina adzadziwa yekha, ndipo kudziwa wekha kumapweteka kuposa kuuzidwa. Anatinso nyemba zija zikadali kutsindwi.

"Mukufuna ndikumbe manda achitatu?" anatero Nankhoma.

A Dzoole anatuluka n'kukakhala pakhonde. Ine a Dzoole ndimawakonda, koma pamenepo analakwa nawo, chifukwa wokhala chete pambali pa bodza ndiye amalisonkhezera moto.

Tsono Sakhuta anali ndi chinthu chimodzi chimene chinkamuvuta mumtima. Ubwenzi wake ndi Tiferanji unali wa kudambo kokha. Abale a Tiferanji akamuona ankamwazika, ndipo ankamuuza mwana wawo kuti fisi ndi fisi, ngakhale atanyamula mtolo wa bonongwe pamutu. Sakhuta anafuna kuti mnzakeyo adzaone yekha ndi maso, adzalawe yekha ndi pakamwa, akauze kwawo kuti kuli nyumba ina ya afisi kumene gwape amalowa ndi miyendo yake n'kutulukanso ndi miyendo yake. Tiferanji anakana kangapo. Tsiku limene anavomera anali wosasangalala, chifukwa atsibweni ake aja anali asanabwerere kunyumba kuyambira dzulo lake. Sakhuta anati mwina angogona m'tchire la mpungabwi atakhuta, abwera. Anati tiye ukadye kwathu, mtima ukhale pansi.

Sakhuta amayi ake sanawauze. Ankafuna kuwadzidzimutsa ndi chinthu chosangalatsa.

Anafika masana, dzuwa lili paliwombo, mphika uli kale pamoto. Dzulo lake a Chinkhota anali atabweretsa gwape wamkulu waimvi pakamwa, ndipo fupa la mwendo wake linali litalowa kale m'nkhwani.

Nankhoma atatuluka m'nyumba n'kuona gwape wamoyo ataima pabwalo pake, anangoti kakasi. A Dzoole anadzuka pakhonde, n'kukhalanso, poti sanadziwe kuti mlendo wotereyu amamulandira chiimire kapena chikhalire. Sakhuta anati uyu ndi Tiferanji, mnzake wa m'mbuna uja, wabwera kudzalawa ndiwo za amayi.

Tsono afisi ali ndi mwambo wawo. Mlendo amadya za mumphika umene waupeza pamoto. Ukamuphikira wina, ndiye kuti woyambawo ukubisamo kanthu, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ndiwe womana. Nankhoma anayang'ana mphika uja. Anaganiza zoukankha ndi mwendo ngati mwangozi, kuti zonse zitayikire paphulusa. Akanatero, bwenzi nthano ino itathera pomwepo, inu n'kumatong'ola chimanga opanda chomvera. Anayandikira ndithu, anatukula mwendo. Koma chiyambire dziko palibe fisi amene anatayapo chakudya dala. Mwendo unakana wokha, n'kubwerera pansi.

Anaganizanso zoitanira mwana wake kuseri n'kumuuza zonse. Anamuyang'ana, anaona mmene akumwetulira, n'kuzisiya. Ndiye anadziuza kuti tsabola alimo wambiri, gwape sazindikira.

Anayala mphasa. Anapereka madzi osamba m'manja. Anapakula. Monga mwa mwambo, mwini mphika analawa kaye yekha pamaso pa mlendo, kuchotsa ufiti, ndipo poti pakamwa panazolowera, analawa kawiri. Kenako anaika mbale patsogolo pa Tiferanji.

Tiferanji anathokoza, anaweramira mbale ija, n'kuima pomwepo. Mphuno yake inagwedera. Anadutsa tsabola, anadutsa nsinjiro, anadutsa nkhwani, ndipo pansi pa zonsezo anapeza mpungabwi. Anakhala chiweramire kanthawi ndithu. Kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, zikomo kwambiri, mwandilandira bwino. Koma sindidya."

"Tsabola wachuluka?" anafunsa Nankhoma.

"Ayi, tsabola ali bwino. Awa ndi atsibweni anga."

Tiferanji anaimirira, anapinda maondo kwa Nankhoma, anapindanso kwa a Dzoole, poti anali mwana woleredwa bwino. Kenako anatembenukira kwa Sakhuta.

"Unandiuza kuti unasiya."

"Ndinasiya."

"Nanga wanenepa ndi ndani?"

Sanadikire yankho. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa bwalo, ndipo atangodutsa nkhokwe anathamanga osacheuka.

Sakhuta anatenga chipande n'kuyamba kuvundula mumphika, pansi penipeni pamene anali asanafikepo chiyambire, poti nthawi zonse ankapakuliridwa. Anatulutsa kachidutswa ka fupa, kakang'ono ngati njere ya dzungu. Anakaika pamphasa.

"Muli chiyani umu, amayi?"

"Masamba okha..." Pakamwa panayamba pokha, koma Nankhoma sanamalize. Anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Unkafa, Sakhuta. Abale ako awiri ndinawaika m'manda ndi manja awa. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Mukanandiuza kuti ndikufa. Mukanandikalipira, tikanakangana, mwina ndikanagonja ine. Koma munati mwagonja ndinu."

Nankhoma anati anachita chifukwa cha chikondi, ndipo ankanena zoona. Sakhuta anati akudziwa, ndipo nayenso ankanena zoona. Kenako anafunsa kuti kuyambira liti. Mayi ake anati kuyambira mphika woyamba. Sakhuta anayang'ana mapewa ake aja amene ankaonetsa mudzi wonse, ndipo anachita manyazi ndi thupi lake lomwe.

Anatembenukira kukhonde.

"Abambo, inu munkadziwa?"

A Dzoole anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali wina woti ayambe kuyankhula. Panalibe. Anati ankadziwa. Kenako analowa m'nyumba, anakwera pamtondo, n'kutsitsa phukusi lija kutsindwi osatumidwa ndi munthu. Nyemba zina zinali zitafumbwa, koma zambiri zinali bwino.

Sakhuta sanathawe pamudzi. Anakatola mafuwa ake atatu n'kuwaika pansi pa mkuyu, kumapeto kwa bwalo. Anaumba kamphika kake kokhota, poti anali asanaumbepo. A Dzoole anamufotokozera zonse zimene Nguluwe ananena, ndipo ankakhala naye pamenepo akusankha nyemba. Masiku oyamba mudzi wonse unkamva kuti nyemba zikugwira ntchito, ndipo mphepo ikachokera kumkuyu anthu ankasamutsa mphasa. Koma mimba inazolowera. Khosi lija linachepa, mapewa anabwerera, komabe nthiti sizinatulukenso. A Chinkhota anati mwanayo safika dzinja. Dzinja litafika anati amanena dzinja linalo.

Tiferanji ankamuona nthawi zina kumtsinje. Ankapereka moni ali tsidya lina, Sakhuta n'kuyankha ali tsidya lino. Sakhuta anamufotokozera zonse mofuula kuti mawu aoloke madzi, ndipo Tiferanji anati wamva, sakumusungira mlandu. Koma sanaolokenso.

Kwa amayi ake Sakhuta sanachite mwano ngakhale tsiku limodzi. M'mawa ankawadzutsa ndi moni. Ankawatolera nkhuni, ankawatungira madzi, denga likadontha ankafolera. Chimodzi chokha ndicho sankachita, kudya za m'manja mwawo. Nankhoma ankaphika kuno, utsi wa mwana wake ukufuka uko, ndipo pakati pa mautsi awiriwo panali bwalo laling'ono lomwe nkhuku ingadutse osapuma. Zinkamupweteka kuposa nthiti zija, chifukwa nthawi ya nthiti mwanayo ankabwerabe kudzakhala pafupi ndi moto wake.

Pomaliza anachita chimene akanachita poyamba. Ananyamuka yekha, osauza mchimwene wake, kupita kwa Nguluwe. Anakhala pansi chapatali, anawomba m'manja, anafunsa. Nguluwe anati zonsezi anawauza kale amuna ake, koma anabwerezanso. Pobwerera Nankhoma anakumba dothi, anaumba mphika watsopano, anauwotcha yekha. Anasema chipande chatsopano. Mtondo anautsuka ndi mchenga mpaka manja kutupa. Anakaphikira kuseri kwa chulu, kumene fungo la pakhomo silifika. Anasadzula nkhwani, anasinja mtedza, akuimba chapansipansi:

Sinja, sinja, Nankhoma,
mwana adye, mwana akule.

Mizere inayo sanaimbe. Ndiwo zitapsa analawa pang'ono, nkhope n'kukwinyika. Sizinamukomere m'pang'ono pomwe, ndipo pamenepo anadziwa kuti waphika bwino.

Anapakula, anavundikira, anadutsa bwalo lija n'kukafika pansi pa mkuyu. Sakhuta anadzuka n'kuwapatsa amayi ake mpando, n'kulandira mbale ndi manja awiri. Anavundukula.

"Muli chiyani umu, amayi?"

"Masamba okhaokha, mwananga."

Ndipo ulendo umenewo munalidi masamba okhaokha.

Sakhuta ananunkhiza. Ananunkhiza pamwamba, ananunkhiza m'mbali, anavundula pansi ndi kamtengo n'kununkhizanso. Sanapeze kanthu. Nankhoma anati waona, mulibe. Sakhuta anati waonadi, koma paja kale lija sankapezanso kanthu. Anaigwira mbaleyo nthawi yaitali, ndipo ankafuna kudya, ana inu, ankafunitsitsa, chifukwa ndiwo za amayi ake anali atazisowa. Anatapa pang'ono, anafikitsa pamlomo, koma kulawa kunamukanika. Anabwezera, anavundikira bwinobwino, n'kupereka ndi manja awiri omwe aja.

"Zikomo, amayi. Ndadya kale."

Nankhoma ananyamula mbale yake yodzaza n'kudutsanso bwalo. A Dzoole ndi amene anadya nkhwaniwo, poti kwa afisi chakudya sichitayidwa, ndipo anati wakoma, ngakhale palibe anawafunsa. Mawa lake Nankhoma anaphikanso, n'kupita nazo, n'kubwera nazo. Mkuja wake chimodzimodzi. Akuti mpaka ukalamba wake ankadutsabe bwalo limenelo dzuwa likafika paliwombo, popita mbale ili yotentha, pobwera itazizira. Ndiye mukadzaona fisi akununkhiza chakudya nthawi yaitali asanachigwire, ngakhale chimene wamubweretsera mayi ake, musadzadabwe, zinayambira pamkuyu paja.

Nthano yanga yathera pa chitsononkho ichi, tolani zotsalazo mukathire m'dengu. Koma ichi mukauze ndi makolo anu omwe: mwana akasankha mbale yake, m'tsutseni poyera kapena m'thandizeni poyera, chifukwa fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika wa mayi ukasweka suumbikanso.